Udzu wa ziweto, laimu ndi ufa wa miyala: tiyambe ndi chiti pa katondo wa ku Mzuzu?

Mvula imene imachititsa kuti Mzuzu azikhala wobiriwira pamene madera ena auma ndi yomweyo imene yakhala ikusukulutsa nthaka ya kuno kwa zaka zikwizikwi. Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,200, umalandira mvula yofika mamilimita 1,200 kapena kupitirira apo pa chaka, ndipo nthawi zambiri imagwabe mu Epulo pamene ku Lilongwe mapesi ayamba kale kuuma. Madzi ochuluka chonchi akamalowa pansi amatenga michere ya mbewu monga kashiamu, maginiziyamu ndi potaziyamu n'kupita nazo kumene mizu ya chimanga sifika, ndipo chotsala pamwamba ndi katondo wofiira wa asidi wambiri, wodzala ndi ayironi ndi aluminiyamu.

Katondo wotereyu amazunza mbewu mobisa. Muyeso wa asidi, umene alangizi amautcha pH, ukatsika kupyola 5.5, aluminiyamu amasungunuka n'kupsereza nsonga za mizu, motero mizu imakhala yaifupi ndi yotupa, yosatha kutsata chinyezi mvula ikadula kwa masabata awiri. Pamwamba pa izo, ayironi ndi aluminiyamu amagwira fosiforasi amene mlimi wathira n'kumumangirira ku dothi, ndipo chimanga chaching'ono cha masamba ofiirira m'mphepete chimakhala chikudandaula zimenezi. N'chifukwa chake n'zotheka kuthira feteleza chaka ndi chaka pa munda wa ku Choma kapena ku Lusangazi koma zokolola osakwera.

Njira ziwiri zimene zikutchulidwa kwambiri masiku ano pa nthaka yotereyi ndi kubzala udzu wa ziweto wa mizu yozama ndi kuthira ufa wa miyala. Zonse ziwirizi zatchuka chifukwa cha dziko la Brazil, kumene chigawo cha Cerrado chili ndi katondo wa asidi wofanana ndi wathu koma lero chimakolola soya ndi chimanga chochuluka zedi. Chimene otamanda njirazi sakonda kunena n'chakuti alimi a ku Cerrado anayamba ndi laimu ndi fosiforasi wambiri, ndipo udzu ndi ufa wa miyala zinabwera pamwamba pa maziko amenewo. Choncho pa njira iliyonse tiyenera kufunsa ngati ikubweretsa m'munda chinthu chimene munalibe, kapena ikungosuntha chimene chinalimo kale.

Feteleza ndi laimu

Feteleza wa m'thumba ndiye muyeso umene njira zina zonse zimayesedwera, ndipo pa liwiro palibe chomuposa. Wokulitsa wa 23:10:5+6S+1.0Zn ndi wobereketsa wa yureya amaonetsa ntchito yawo m'nyengo yomweyo. Vuto lake aliyense akulidziwa: amachokera kunja, mtengo wake umatsata ndalama zakunja, ndipo ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP, imene inayamba mu 2020, sinafikire mlimi aliyense. Vuto limene silitchulidwa kawirikawiri ndi lakuti yureya amawonjezera asidi m'nthaka. Thumba la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, ndipo asidi amene angatsale m'munda chifukwa cha thumba limenelo amafuna laimu wokwana pafupifupi makilogalamu 40 kuti athe. Mlimi amene wathira yureya kwa zaka khumi popanda laimu wakhala akukulitsa nthenda imene akulimbana nayo.

Laimu wa m'munda nayenso ndi mwala wogaya, ndipo mwa miyala yonse yogaya ndi yekhayo amene ntchito yake pa katondo wa asidi palibe amene amaikayikira. Amachepetsa asidi, amamanga aluminiyamu kuti asapsereze mizu, amapereka kashiamu, ndipo wa mtundu wa dolomite amaperekanso maginiziyamu. Kawirikawiri pamafunika tani imodzi kapena awiri pa hekitala, amene ndi matumba 8 mpaka 16 a makilogalamu 50 pa ekala, othiridwa mwezi umodzi kapena iwiri mbewu zisanabzalidwe ndi kusakanizidwa bwino ndi dothi popanga mizere. Mphamvu yake imakhala zaka zingapo, choncho mtengo wake uyenera kugawidwa pa zokolola zingapo osati chimodzi. Amene sangakwanitse matumba onsewo angathe kuthira pang'ono pa phando lililonse kapena kukonza gawo limodzi la munda chaka chilichonse.

Cholemetsa pa laimu ndi ulendo. Miyala yake yodziwika bwino ili ku mapiri a Chenkumbi m'boma la Balaka, mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Mzuzu, ndipo katundu wolemera chonchi amafika kuno mtengo wake utakwera ndi wa mafuta a galimoto. Laimu wochuluka mopitirira muyeso amabisanso zinki ndi michere ina ing'onoing'ono, choncho kuyeza dothi si mwambo wa ophunzira okha ayi. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Lunyangwa ali mumzinda momwe muno, ndipo alangizi amadziwa katengedwe ka dothi loti likayezedwe. Si mbewu zonse zimene zimamufuna: chinangwa chimapirira asidi, ndipo tiyi wonga wa ku Kawalazi amakonda nthaka ya asidi. Laimu wopaka m'nyumba ndi wina, ndi waukali, ndipo asalowe m'malo mwa wa m'munda mwachisawawa.

Miyala ina yogaya

Mwala wa fosifeti uli pakati: umabweretsa fosiforasi, mchere umene katondo wathu amausowa kwambiri, koma ubwino wake umadalira kumene wachokera. Wa ku Tundulu m'boma la Phalombe, pafupi ndi nyanja ya Chilwa, unapangika ndi moto wa pansi pa dziko, ndi wouma, ndipo umasungunuka pang'onopang'ono kwambiri ukangogayidwa n'kuthiridwa m'munda. Wa ku Minjingu ku Tanzania, pafupi ndi nyanja ya Manyara, unachokera ku zotsalira za zamoyo ndipo umasungunuka mosavuta, n'chifukwa chake umagulitsidwa ngati feteleza m'mayiko a kum'mawa kwa Africa. Pano asidi wa nthaka yathu amasanduka wothandiza, pakuti ndiye amasungunula mwalawo. Zotsatira zake n'zakuti mlimi amene wathira laimu ndi mwala wa fosifeti tsiku limodzi wachepetsa yekha mphamvu ya fosifetiyo. Fosifeti ayambe, laimu atsatire patapita nthawi.

Koma anthu akamanena za ufa wa miyala masiku ano amatanthauza makamaka miyala yakuda yonga basalt. Lingaliro lake ndi lomveka: katondo ndi mwala umene unakalamba n'kutaya michere yake, ndiye kuthira mwala watsopano wogaya kuli ngati kuibwezera nthaka ubwana. Ku Mauritius anayesa basalt wogaya m'minda ya nzimbe kalekale, ndipo zotsatira zimene zinalembedwa mu 1961 zinaonetsa kukwera kwa zokolola pa nthaka yoguga, ngakhale kuti anathira matani ochuluka kwambiri. Ku Brazil lamulo la mu 2013 linavomereza ufa wa miyala ngati chipangizo cha ulimi, ndipo mu 2016 boma linaika malire: kashiamu, maginiziyamu ndi potaziyamu pamodzi zisachepere magawo 9 pa 100 alionse, potaziyamu yekha asachepere gawo limodzi, mwala wa quartz usapitirire magawo 25, ndipo zitsulo zapoizoni monga mtovu ndi cadmium zikhale pansi pa mlingo woikika.

Malire amenewa ndi ofunika kwa ife kuposa nkhani zonse za zokolola za ku Brazil, chifukwa akutiuza kuti si fumbi lililonse la kwale limene ndi chakudya cha nthaka. Miyala yambiri yozungulira Mzuzu ndi ya mtundu wa gneiss ndi granite, yokhala ndi quartz wambiri, ndipo quartz ndi mchenga basi. Potaziyamu alimo ndithu, koma wambiri ali m'timiyala timene timasungunuka mochedwa kwambiri kotero kuti mlimi sangakolole phindu lake m'zaka zimene akuliyembekezera. Basalt wa m'dziko muno amapezeka makamaka ku chigwa cha Shire, kutali kwenikweni ndi kuno. Chosangalatsa n'chakuti akatswiri a miyala analemba za mwala wa nepheline syenite ku Chikangawa, ku Mphompha m'boma la Rumphi ndi ku Ilomba m'boma la Chitipa. Mwala wa mtundu umenewu ulibe quartz ndipo umatulutsa potaziyamu mofulumirako kuposa granite, ngakhale ulinso ndi sodiyamu wambiri amene ayenera kuyezedwa usanalowe m'munda wa munthu. Ngati chigawo cha kumpoto chidzakhale ndi ufa wake wa miyala woyenera, ndikuganiza kuti kafukufuku ayenera kuyambira pa mapiri amenewo osati pa milu ya fumbi loumbira mabuloko.

Ngakhale mwala utakhala woyenera, masamu ake ndi olemetsa. Basalt amakhala ndi potaziyamu pafupifupi gawo limodzi pa 100, kutanthauza kuti tani yathunthu ili ndi potaziyamu wofanana ndi amene ali m'makilogalamu 17 a feteleza wa potaziyamu wotchedwa MOP, ndipo sikuti yense atuluka chaka chomwecho. Mayeso ambiri amathira matani 5 mpaka 20 pa hekitala. Matani 10 pa hekitala ndi matumba 80 pa ekala imodzi, ofunika kugulidwa, kukwezedwa pa lole, kutsitsidwa pamsewu ndi kusenzedwa kukwera phiri. Ufawo uyeneranso kukhala wosalala ngati woyera wa nsima, pakuti wamiyalamiyala udzangokhala m'dothi osasintha. Mvula ndi asidi wa kuno zimafulumizitsa kusungunuka kwake, koma kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumachedwetsa. Nayitirojeni mulibe ngakhale pang'ono. Ufa wa miyala uli ngati nkhokwe yodzaza imene chigayo chake chimagaya chitini chimodzi pa mwezi: chakudya chilimo, koma banja silingadalire chimenecho chokha. Wougwira atseke mphuno ndi pakamwa, chifukwa fumbi la quartz limawononga mapapo ndipo nthenda yake sichizika.

Udzu

Udzu subweretsa mchere uliwonse wa m'miyala umene munalibe m'munda, ndipo amene amaugulitsa ngati feteleza wobiriwira akusokoneza anthu. Ntchito yake ndi ina, ndipo ndi yaikulu. Mizu yake imatsika kukatenga potaziyamu amene mvula inamukokolera pansi n'kumubwezera pamwamba kudzera m'masamba. Mizu imene imafa chaka ndi chaka imasiya zowolerana m'kati mwa dothi, kumene khasu silifika, ndipo zowoleranazo zimagwira aluminiyamu, zimasunga chinyezi ndiponso zimatsegula tinjira tolowera madzi. Pa malo otsetsereka, amene ndi ambiri kuno, udzu ndi umene umaletsa feteleza ndi laimu wogula modula kutsikira mu mtsinje wa Lunyangwa.

Nsenjere ndi imene alimi a ng'ombe zamkaka a ku Doroba, Kavuzi ndi madera ena ozungulira mzinda amaidziwa bwino. Imabereka masamba ambiri kuposa udzu wina uliwonse umene tili nawo, imabzalidwa ndi timitengo topezeka kwa mnansi, ndipo nthawi ya dzinja imamwetedwa pakatha masabata 6 mpaka 8. Kubereka kumeneku kuli ndi mtengo wake, pakuti nsenjere imadya nayitirojeni ndi potaziyamu wambiri zedi. Ng'ombe imodzi yamkaka imamaliza makilogalamu 50 kapena kuposerapo a nsenjere yaiwisi pa tsiku, ndipo mtolo uliwonse wopita ku khola watenga chonde cha munda. Ng'ombeyo imabweza gawo lalikulu la zimene yadya, koma imabweza mogawa: fosiforasi amatuluka mu ndowe, pamene potaziyamu wambiri ndi gawo lalikulu la nayitirojeni zimatuluka mu mkodzo. Khola limene mkodzo wake umalowa pansi kapena kutsetserekera kuseri, ndi mulu wa ndowe umene umavumbidwa mvula kuyambira Disembala mpaka Epulo, zimasandutsa nsenjere chida chogugitsira nthaka mofulumira kuposa chimanga. Kwa ine, funso lakuti udzu umawonjezera chonde kapena ayi limayankhidwa ku khola osati ku munda. Pansi polimba, ngalande yolowa m'dzenje la mkodzo, udzu wouma woyalira ng'ombe ndi denga pa mulu wa manyowa ndi zimene zimasiyanitsa mlimi amene akumanga nthaka ndi amene akuikumba.

Brachiaria ndi udzu wa kuno ku Africa umene unapita ku South America n'kukadzaza madambo odyetsera ng'ombe a ku Brazil, ndipo wabwerera kwathu utasankhidwa bwino, monga mtundu wa Mulato II umene unapangidwa ndi bungwe la CIAT ku Colombia. Pa katondo wa asidi umaposa udzu wina chifukwa umapirira aluminiyamu ndipo umakula ngakhale fosiforasi ali wochepa. Mizu ya mtundu wa humidicola imatulutsa mankhwala amene amachedwetsa tizilombo ta m'nthaka kusandutsa nayitirojeni kukhala wokokoloka msanga, chinthu cha phindu ku dera la mvula yambiri. Alimi a ku Brazil amaufesa pakati pa chimanga mwa njira yoti uzitsalira m'mbuyo, chimanga chikakololedwa udzu n'kutenga munda, ng'ombe n'kudya, kenako amaupha ndi mankhwala n'kubzala mbewu ina pa zinyalala zake. Gawo lomalizali ndi limene limavuta kuno. Mlimi wa khasu amene wadzaza munda wake wa chimanga ndi Brachiaria adzaona ntchito yozula imene sanaiganizire, ndipo zinyalala za udzu zikamawola zimayamba zabwereka nayitirojeni wa m'nthaka, motero chimanga chotsatira chimachita chikasu ngati wobereketsa wachepa. Mtundu wa decumbens umadwalitsanso nkhosa, mbuzi ndi ana a ng'ombe akamadya wokhawokha. Pa minda yaing'ono, malo ake abwino ndi m'mphepete, pa akalozera, kapena pa gawo la munda limene lagonekedwa zaka ziwiri kapena zitatu.

Udzu wa Rhodes ndi wabwino kuumitsa n'kusungira chilimwe, ndipo mtundu wa Katambora umachepetsa tinyongolotsi totupitsa mizu ya fodya, koma sukonda asidi wambiri. Umayenera kwambiri ku zigwa za Mzimba kuposa pa katondo wonyowa wa kuno, pokhapokha laimu atatsogola. Vetiva si chakudya chenicheni cha ziweto akangokhwima, koma pogwira dothi pa akalozera palibe womuposa, chifukwa mizu yake imatsika molunjika osalanda chakudya cha mzere woyandikana nawo, zimene nsenjere imachita. Udzu wonsewu uli ndi adani awiri amene sakhudza thumba la laimu: moto wa osaka mbewa ndi ziweto zotayirira nthawi ya chilimwe.

Popeza udzu ndi miyala zonse sizipanga nayitirojeni, mbewu za mtundu wa nyemba, zimene zimakola nayitirojeni wa mumpweya kudzera m'timatuza ta pa mizu yake, sizingasiyidwe kunja. Ku Ekwendeni, ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities yakhala ikuyesa limodzi ndi alimi kuyambira mu 2000 kasakanizidwe ka nandolo ndi mtedza kapena soya m'munda umodzi, masangwi ake n'kukwiriridwa, chimanga n'kutsatira chaka chinacho. Nandolo ali ndi luso lina loyenera katondo, pakuti mizu yake imamasula fosiforasi womangidwa ndi ayironi. Kwa woweta ng'ombe, kubzala Desmodium, chomera cha mtundu wa nyemba chimene ziweto zimadya, pakati pa mizere ya chimanga ndi nsenjere kapena Brachiaria kuzungulira munda, njira imene inakonzedwa ndi bungwe la icipe ku Kenya, imapereka chakudya cha ziweto pamene ikuchepetsa kaufiti ndi kapuchi. Ombwe amabwezeretsa chonde koma asapatsidwe ziweto. Mbewu zonsezi zimapanga bwino timatuza ta pa mizu pokhapokha asidi atachepa ndipo fosiforasi alipo, zimene zikutibwezeranso kwa laimu.

Pamene udzu ndi mwala zimakumana

Ngati ufa wa miyala uli ndi malo m'ulimi wa kuno, malowo ndi pansi pa mbewu zokhalitsa. Chimanga chimafuna chakudya chake chambiri m'masabata ochepa ndipo chimachoka m'munda pakatha miyezi inayi kapena isanu, pamene mwala umatulutsa michere pang'onopang'ono chaka chonse. Udzu umakhalapo chaka chonse kulandira chilichonse chotuluka, ndipo mizu yake yowirira pamodzi ndi tizilombo tokhala pa mizuyo zimatulutsa timadzi ta asidi timene timanyeketsa mwalawo. Michereyo imadutsa m'masamba, m'mimba mwa ng'ombe, mpaka ku manyowa, ndipo imafika ku chimanga ili yokonzeka kale. Khofi, nthochi ndi makadamiya zili ndi mwayi womwewo. Njira ina yosafuna matani ambiri ndi kuwaza ufa wa mwala wa fosifeti kapena wa basalt pa mulu wa manyowa pamene ukuwunjikidwa.

Poona zonsezi, woweta ng'ombe zamkaka amene ali ndi ndalama zochepa apindula kwambiri akayamba ndi kukonza khola, kenako laimu pa gawo limene layezedwa, kenako Desmodium ndi Brachiaria pambali pa nsenjere imene ali nayo kale. Wa kamunda kakang'ono ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo, wopanda ziweto, alibe chifukwa chopatsira udzu malo a chimanga. Vetiva pa akalozera, nandolo ndi mtedza, phulusa la kukhitchini, manyowa a Mbeya ndi laimu wa pa phando zimukwanira. Wa khofi ndi amene angayese ufa wa miyala mosataya zambiri, chifukwa mitengo yake idzakhalapobe pamene mwalawo udzayambe kugwira ntchito.

Woyesayo afunse wogulitsa pepala la ku labotale losonyeza mtundu wa mwala, kuchuluka kwa kashiamu, maginiziyamu, potaziyamu ndi quartz, komanso zitsulo monga nickel ndi chromium zimene zimachuluka m'miyala ina yakuda. Asankhe mizere yoyandikana ya dothi lofanana, ina athire ufawo, ina athire laimu wa ndalama zofanana, ina aisiye, koma yonse ilandire mbewu imodzi, feteleza wofanana ndi kupalira kofanana. Zokolola ziyezedwe pa sikelo kwa zaka zitatu zotsatizana, chifukwa chaka choyamba laimu adzatsogola mosakayikitsa, ndipo chimene woyesayo akufuna kudziwa ndi ngati mizere ya ufa wa miyala ikuyandikira pofika chaka chachitatu mokwanira kubweza ndalama za lole imene inaubweretsa.